Utsi wa Kuseri kwa Sukulu

Ndikukumbukira tsiku lodzala mitengo pasukulu yathu ku Bolero, ndili sitandade sikisi. Kunabwera bwana wina wochokera ku Boma, mimba patsogolo, nsapato zonyezimira ngati sizinapondepo fumbi. Ife anatiimika padzuwa tikuimba nyimbo za nyengo, iye ali pansi pa tenti akumwa madzi a m'botolo. Anatilalikira za kusintha kwa nyengo. Akuti mvula ikuchedwa chifukwa makolo athu ndi mbuli, amaliza mitengo ndi zigafa za fodya. Kenako anadzala kamtengo kamodzi, osachotsa n'komwe chubu chake chapulasitiki. Anamujambula, tinawomba m'manja, iye n'kukwera galimoto, uyo.

Bwalo lonse linatsala mbwee ndi machubu, mabotolo ndi majumbo. Aphunzitsi aakulu analamula kuti tonse amene tinachedwa m'mawa tizitole, tikazitenthe kuseri kwa zimbudzi. Pagulupo panali mnzanga Tiwonge, wodwala mphumu.

"Aphunzitsi, Tiwonge utsi umamubanikitsa," ndinatero.

"Iwe ndiwe dokotala? Bwalo liyere. Alendo akabweranso aziti ndife auve?"

Utsi wake unali wakuda bii, wokanirira pakhosi, pulasitiki ikudontha moto ngati phula. Tiwonge anagwada, chifuwa chikulira ngati likhweru. Anamutengera kuchipatala panjinga. Anachira, koma temu imeneyo sanaimalize. Kamtengo ka bwana kaja kanauma, mizu itapanikizika m'chubu.

Ndili kukoleji m'pamene ndinamva kuti pulasitiki imapangidwa ndi mafuta okumba pansi, ndipo ukaiwotcha utsi wake umawonjezera kutentha komwe kwasokoneza mvula yathu. Ndinaseka, koma mtima ukuwawa. Kani tsiku lija nyengo tinaiimbira nyimbo m'mawa, masana n'kuithira utsi!

Lero ndili ndi mwana wanga Wongani, sanayambe n'kuyenda komwe. Akangotsokomola, ine mtima uli m'mwamba, khutu pachifuwa pake, kufunafuna likhweru la Tiwonge lija. Apongozi anga, amene timakhala nawo, mbaula amayatsa ndi jumbo. "Makala amagwira msanga, mama," amatero. Sindibisa, kuwaletsa ndimaopa. Mawa mumva kuti mtengwa wa satifiketi wayamba kuphunzitsa eni mudzi kusonkha moto. Ndiye ndimalawirira iwo asanadzuke, n'kuyatsa ndekha ndi zitsononkho, majumbo nditabisa.

"Yewo chomene, mwandipumuza," amandiyamikira. Iwo amangoti apeza mtengwa wakhama.

Apongozi sindiwadandaula, palibe anawauzapo. Koma bwana uja ankadziwa, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira malovu amandiwawa m'kamwa. Anzake ndimawaonabe m'nyuzipepala, khasu latsopano m'manja, botolo pambali. Chimene ndazindikira n'chakuti olankhula za nyengo pansi pa tenti amakhala atapita kale moto ukamayatsidwa. Amene anaupuma utsiwo ndi Tiwonge. Wongani wanga yekha ayi.