Mayi Mokweza ndi Mpando wa Mwamuna

Ine ntchito yanga ndi kudula makiyi. Kabenchi kanga kali pakhonde la nyumba yosanja, pansi penipeni pa masitepe opita ku ofesi ya maloya othandiza anthu mwaulere. Aliyense wokwera kumeneko amadutsa pamphuno panga, ndiye musanditche wamiseche, maso alibe mpanda.

Okwera ambiri ndi amayi. Wina ali ndi mwana kumbuyo, wina wavala magalasi akuda kunja kuli mitambo, wina amafika pa sitepe yoyamba n'kubwerera, mawa lake n'kudzayesanso. Nkhani zawo zimafanana: akumenyedwa kunyumba, akufuna banja lithe, koma loya wolipira sangamukwanitse.

Chimene chinkandisowetsa mtendere linali phokoso. Masana, kuseri kwa nyumbayo, m'chipinda chosungira mipando yothyoka, munkamveka mawu a mayi wina akuti, "Mokweza. Sindinamve. Mokweza." Ndinkadzifunsa kuti kodi mmenemo ayambitsa kwaya, kapena chiyani. Mwini mawuwo tonse timangowatchula kuti Mayi Mokweza. Ndi aafupi, amavala nsapato zamasewera ngakhale pa diresi labwino, ndipo amayenda ndi ambulera imene sindinaionepo itatambasulidwa, ntchito yake n'kulozera anthu. Si loya. Anaphunzira zamalamulo zongokwanira kuthandiza maloya: kumvetsera nkhani koyamba, kuperekeza munthu kuchipatala ndi kupolisi, kenako kukhoti.

Tsiku lina anaima pabenchi panga n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi.

"Bambo a makiyi, wotchi yanuyo imavuka?"

"Imavuka, koma siyenda."

"Nthawi sindikuifuna. Ndikufuna wotchiyo ndi nkhope yanu yokwinyayi. Tiyeni."

Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, iwo sanayankhe, koma chidwi chinandikoka, ndinatseka bokosi langa n'kuwatsatira.

M'chipindamo anali atakonza kakhoti kawo. Desiki yakale ataikweza pa njerwa, pamenepo ndiye pa woweruza. Chitseko cha kabati atachiimika pakona, kuseri kwake ndiye poima mboni. Kumeneko kunaima mayi wina wachitsikana, woluka tsitsi ku saluni ya kufupi ndi depoti, manja atawapinda pamimba. Chapafupi naye panali mpando wopanda munthu.

"Khalani apo," anatero Mayi Mokweza. "Inu ndinu mwamuna wake. Musayankhule. Iye akayamba kufotokoza, muvule wotchi pang'onopang'ono, muiike patebulopo."

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha. Woluka tsitsi uja anayamba kufotokoza ndi mawu onga a munthu wopempha mchere kwa neba amene anakangana naye. Ananena kuti anathawa kunyumba miyezi ingapo yapitayo, kuti mwamuna wake anatenga mwana wawo wamkazi n'kukamusiya kwa mlongo wake, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo sanamuonenso. Ine ndinamasula lamba wa wotchi n'kuiika patebulo, kuti gwa. Mayiyo mawu anathera pakhosi, anagwa n'kukhala pansi pasimenti. Ndinachita manyazi ngati ndine ndam'menya.

Atapita, ndinafuna kudziwa kuti masewera oipa chonchi ndi a chiyani.

"Mwamuna wake asanam'menye amayamba wavula wotchi, kuti isasweke," anatero Mayi Mokweza. "Aliyense ali ndi kake. Wina amatsokomola, wina amakweza wailesi, wina amaimba muluzu. Kukhoti mwamuna amakhala pafupi pomwepo. Sangam'gwire, sangamukalipire, koma wotchi angavule, ndipo palibe wapolisi angamuletse. Loya malamulo amawadziwa, koma sangayankhe m'malo mwa mboni. Mayi uyu akakangoti zii, mwana sam'peza."

"Ndiye mumawauza zokanena?"

Anandilozera ambulera pamphuno. "Mundimangitsa inu. Mawu ndi awo. Ine ndimangofuna amveke."

Mbiri yawo ndinaidziwa pang'onopang'ono, chifukwa Mayi Mokweza sakonda kufunsidwa, amakonda kufunsa. Ine ndinkaganiza kuti nawonso anamenyedwapo. Nditawafunsa anaseka mpaka kutsamira khoma, amvekere malemu amuna awo ankaopa ndi nkhuku yomwe. Zoona zake n'zakuti kale ankagulitsa nthochi pageti la khoti. Amayi ankatuluka m'khotimo ataluza, n'kukhala pambali pa dengu la nthochilo. Pamenepo ndiye ankamasuka, tsiku, malo, chimene anamenyedwera, zonse mwatchutchutchu, mawu omveka mpaka tsidya la msewu.

"Mkati angoti eya ndi ayi, nkhani yonse n'kudzaikhuthulira ine ndi nthochi zanga," anatero. "Zinkandiwawa. Ndinaona kuti ndikuba maumboni a woweruza."

Ofesi ya maloya itayamba kuphunzitsa anthu wamba, iwo anasiyira mng'ono wawo dengu n'kukalembetsa, ali kale ndi zidzukulu.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mwamuna wa anthu ambiri. Ndinatsokomola, ndinaimba muluzu, ndinagogoda tebulo ndi chala. Mkazi wanga atamva anati, "Ntchito yakupezani, nkhope ija ndinkati idzagwira ntchito tsiku lina." Koma amene ndinakhala naye nthawi yaitali ndi woluka tsitsi uja. Ulendo wachiwiri sanagwe, anangonjenjemera. Kenako anayamba kudutsa pa wotchiyo ngati munthu wowoloka msewu wa magalimoto ambiri, kuima pang'ono, n'kupitiriza. Pomaliza ndinkaimenyetsa dala patebulo, iye n'kundiyang'ana m'maso, mawu ali gwa, Mayi Mokweza osanenanso kuti mokweza. Tonse tinati zatheka.

Tsiku la mlandu ndinatseka benchi. Ndinkafuna kumuona munthu amene ndinkakhalira mpando wake. M'mutu mwanga ndinali nditamujambula kale: chimunthu chachikulu, maso ofiira, khosi ngati la ng'ombe.

Aa, kunabwera kamunthu kowonda, malaya osita bwino, mawu ofatsa. Anapereka moni kwa mlonda, kwa wosesa, ndi kwa ine ndemwe, manja awiri. Pamkono atakoleka juzi yachikazi. Tili pakhonde la khoti anayandikira mpaka pamene wapolisi anamuletsa, n'kutambasula juziyo.

"Amake mwana, kukuzizira, paja chifuwa chimakuvuta. Ndakubweretsera." Misozi inali m'maso, yeniyeni. "Ndinalakwa. Mwana akungokufunsa. Tiye kunyumba tikakambirane, anthu awa sadziwa za ife."

Ndinaona dzanja la woluka tsitsi uja likusunthira ku juziyo n'kubwerera. Ndinayang'ana Mayi Mokweza. Nkhope yawo inali itagwa.

Mkati, mayiyo anaima pa malo a mboni. Loya wake, mtsikana waulemu wa ku ofesi kuja, anam'funsa kuti afotokoze zimene zinkachitika kunyumba. Kunali zii, kupatula fani ya kudenga imene inkalira ngati njinga yosadzoza. Mwamuna uja wotchi anali nayo, koma sanaikhudze n'komwe. Anangokhala, juzi ili pamiyendo, akuisisita, mutu uli pansi. Loya anabwereza funso mwa njira ina. Zii.

Woweruza anavula magalasi. "Mayi, mukufunabe kuti mlanduwu upitirire? Ngati mwasintha maganizo, nenani."

Ndikunena zoona, ndinapemphera kuti munthuyo avule wotchi, chifukwa imeneyo ndi imene tinaikonzekera. Nditaona kuti sakuvula, dzanja langa lopusali linapita lokha pa wotchi yanga. Mayi Mokweza anandigwira pamkono, zikhadabo kulowa m'khungu. Iwo eniake sakanatha kunena kanthu, m'khoti munthu wa kumbuyo sayankhula.

Kenako mayiyo anatsegula pakamwa. Mawu anali aang'ono kuposa a tsiku loyamba lija. Woweruza anaweramira kutsogolo, n'kulamula kuti azimitse fani.

"Nkhope iyi ndimaidziwa," anatero mayiyo. "Ndi ya m'mawa. Akandimenya, kukacha amakhala chonchi. Amanditenthetsera madzi, amandithowa pamene anandimenyapo, amalira kuposa ine. Ndabwererako kangapo chifukwa cha nkhope imeneyi. Juzi ali nayoyo anandigulira nditatuluka m'chipatala, atandithyola nthiti." Anayang'ana woweruza. "Ndikufuna mlandu upitirire. Ndikufuna mwana wanga."

Atayamba choncho sanaimenso. Ananena zonse, ndi za wotchi zomwe, monong'ona, khoti lonse litatchera khutu. Zikalata za kuchipatala loya anali nazo, zinangogwirizana ndi mawu ake. Mwamuna uja anasiya kusisita juzi.

Pobwerera tinayenda ndi Mayi Mokweza mpaka pa masitepe athu. Pamenepo anakhala pa benchi langa, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Zaka zonsezi ndimawafunsa amayiwa kuti mwamuna amatani asanakumenye," anatero. "Sindinafunsepo kuti amatani atakumenya. Tinam'konzekeretsa kukumana ndi mwamuna mmodzi, pamene anakwatiwa ndi awiri. Lero wadziwolotsa yekha."

"Ndiye titani?"

"Muphunzire kupepesa, bambo a makiyi. Mofatsa, ndi misozi ngati ingatuluke."

Ndinati zimenezo n'zovuta, mkazi wanga angachitire umboni. Anaseka pang'ono. Koma ndaphunzira, ndipo ndikuuzeni, ntchito yake ndi yoipa kuposa kutsokomola. Ndikati "pepa, tiye kunyumba," amayi ena amene sagwedezeka ndi kugogoda tebulo amayamba kufunafuna chikwama chawo kuti anditsatire.

Chigamulo chinatuluka patapita milungu ingapo. Banja linatha, mwana anapatsidwa kwa mayi ake, mwamuna analamulidwa kuti asayandikire kunyumba kapena kusaluni. Mwanayo anam'bweretsa ku ofesi kwathu ndi azakhali ake, limodzi ndi wapolisi. Kamtsikana kosayamba sukulu, tsitsi losapesa. Mayi ake anakanyamula, chala chawo chili kale m'tsitsimo kuona poyambira.

Potsika masitepe anaima pabenchi panga kutsanzika. Ine ndi pakamwa panga posatseka, ndinafunsa chimene chinkandidya.

"Mayi, mundikhululukire. Pakhonde paja ndinaona dzanja lanu. Juzi ija mukanailandira?"

Anakweza mwana kuti akhale bwino paphewa.

"Kunkazizira, bambo," anatero. "Ndinatsala pang'ono."