Mizere Yakuda Paphewa

Vesti ija ndinaichapa ndine, ndipo ndinaichapa mwakhama. Akazi anga anaipatsidwa kuchipatala chifukwa mtima wawo unkathamanga nthawi zina mpaka kukomoka. Anamwino anati aziivala tsiku lililonse, imamvetsera mtima n'kutumiza uthenga kwa iwo. Anatipatsanso kapepala ka malangizo. Ine, munthu wowerenga ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa, kapepalako ndinangokapana m'Baibulo osakatsegula.

Inali nyengo yothyola fodya, pamene chovala chilichonse kwathu ku Chulu chimada ndi utomoni. Nditaona mizere yakuda paphewa pa vestiyo ndinati ndi utomoni womwewo. Ndinapaka sopo, kukwecha pamwala, kumalizira ndi chitsononkho. Inayera mbee. Ndinadzitama mumtima.

M'mawa mwake akazi anga anaivala n'kupita kumunda, ndipo dzuwa litakwera, foni inalira. Anali anamwino aja.

"Bambo, amayi ali pafupi? Chiyambire m'mawa sitikuumva mtima wawo."

"Apita kumunda. Okha."

"Thamangani mukawaone. Foni musathimitse."

Za kuchapa zija sizinandibwerere n'komwe. Ndinakwera njinga, tcheni n'kugwa padambo, ndinaisiya pomwepo n'kuyamba liwiro. Fodya chaka chimenecho anali wofika m'khosi. Munthu atagwa pakati pa mizere sungamuone. Ndinalowa mzere uno, kutulukira uko, ndikuitana. Zii. Kumapeto kwa munda ndinapeza dengu lawo, masamba ali theka, patapata wawo mmodzi pambali pake.

Kenaka ndinamva kuseka m'chigafa cha aneba. Akazi anga anali atakhala pansi, akuthandiza kusoka fodya, patapata winayo ali m'manja mwa anebawo akumulumikiza ndi waya.

"Abambo, mwathamangitsidwa ndi njuchi?"

Ndinangoika foni kukhutu n'kunena kuti ali moyo.

"Zikomo Ambuye," anatero anamwino. "Taonani paphewa pa vestiyo. Mizere yakuda ilipo?"

Ndinayang'ana paphewapo: poyera mbee, mizere yonse ndinaikwecha.

Anamwino anandifotokozera modekha kuti mizereyo ndiyo eriyo ya vestiyo yotumizira uthenga, yopyapyala kuposa khoko la anyezi, yopangidwa ndi zofanana ndi mtima wa pensulo kuti izipindika limodzi ndi nsalu. Tinayenera kupita kuboma kukatenga vesti ina, kuyeza kuyambirenso.

Akazi anga anandiyang'ana, kenaka anapitiriza kusoka. Aneba, mkulu wosadziwa ndi kulemba dzina lake, anavula malaya awo akuda bii ndi utomoni n'kundiponyera.

"Achimwene, poti dzanja muli nalo, yambani ndi awa. Ine mtima wanga palibe akuumvetsera."