Chotupa cha M'chikwama cha a Mapaipi

Ukatsegula mpopi m'mawa madzi n'kutuluka, dziwa kuti pali munthu wina amene mawondo ake akuwawa chifukwa cha madzi amenewo. Kuno munthuyo ndi a Mapaipi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akhala akuyendera paipi yaikulu yochokera kudamu la pamwamba pa phiri kutsikira kumathanki a m'tauni. Lolemba ndi Lachinayi amakwera okhaokha, chikwama kumsana, sipanala yaitali m'manja ngati ndodo. Akafika pa chotsekera madzi chilichonse amagwada, kugunditsa khutu pachitsulo, n'kumvetsera. Amati paipi yodontha imalira mosiyana ndi yabwinobwino, ndipo palibe angawatsutse, pakuti makutu awo ndi akuthwa zedi. Vuto lawo ndi maso.

Maso amenewo anabadwa aulesi. Ali mwana ankakhala kutsogolo kwenikweni m'kalasi, fumbi la choko kumawagwera m'tsitsi, koma pabolodi ankangoona utsi. Aphunzitsi ankati ndi mbuli yotheratu. Zinadziwika ndevu zitayamba kale kumera kuti mutu uli bwinobwino, olakwa ndi maso. Tsiku lomwe anavala magalasi koyamba anaima pakhomo pa chipatala n'kumayang'ana mtengo kukamwa kuli yasa, kudabwa kuti kani anzawo amaona tsamba lililonse palokha ali patali. Mpaka lero akavula magalasi, dziko lawo limathera pachigongono. Koma chapafupi, ee, palibe angawapose. Akazi awo ndi telala, makina awo ali pakhonde, ndipo chikwatiranireni ulusi pasingano amalowetsa ndi a Mapaipi. Amakweza magalasi pachipumi, kubweretsa singano pamphuno, kamodzi n'kamodzi walowa.

Magalasi oyamba aja anawasunga. Koma kunena zoona, ndi oipa. Ndi akuluakulu, akuda, okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo mwendo umodzi unamangidwa ndi waya wa kopa. Chaka china, atsopano ali kokonzetsa, a Mapaipi anawavala kupita nawo kuntchito. Dalaivala wa lole ya ofesi, munthu wa pakamwa posatseka, atangowaona anagwira m'mimba n'kufuula kuti kadzidzi watera masana. Mwezi wathunthu, a Mapaipi akamadutsa, wina ankalira kuseri kwa khoma kuti "huu, huu!" Bamboyu ndi wofatsa, koma kusekedwa sakhululuka msanga. Analumbira kuti magalasi amenewo sadzakweranso pamphuno pawo.

Akazi awo za kulumbirako analibe nazo ntchito. Tsiku lililonse lokwera phiri ankatenga kabokosi ka magalasi akalewo, kukalowetsa m'sokosi, kumanga mfundo, n'kuponya m'chikwama pambali pa botolo la tiyi.

"Bambo, phiri si khonde ayi. Akadzagwa amenewo mudzatsika bwanji?"

"Zaka zonsezi ndinagwetsapo liti? Mayi inu, fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Tengani basi. Sakulemerani."

Ndiye a Mapaipi anapeza nzeru yawo. Ankalandira mwaulemu, kutsanzika bwinobwino, koma akafika kuseri kwa nyumba, pa kabokosi ka mita ya magetsi, ankatulutsa sokosi ija n'kuibisa pamwamba pake. Madzulo ankaitenganso n'kuibwezera m'chikwama asanalowe m'nyumba. Zaka zitatu akuchita zimenezi, ndipo ankadziona ngati wochenjera kwambiri. Chokhacho chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chikwamacho. Chiyambire pamene akazi awo anachikonza, kumsana kwake kunali chotupa cholimba chimene chinkawadinda pansi pa phewa lakumanzere.

"Mayi, chikwama ichi munachisoka bwanji? Chikundiboola msana."

"Ndinaikamo chigamba chokhuthala. Muzolowera."

"Telala wanji wosoka mabampu?"

"Kagulenitu china ngati mwatopa nacho."

Sanagule. Anangozolowera kudandaula.

Tsoka silinunkha. Linali Lachinayi, kunja kutacha bwinobwino. Pofika masana a Mapaipi anali atafika kudamu, atamwa tiyi wawo, atayamba kutsika. Pamwamba pamenepo pali malo amene njira imapanikizika: kumanja thanthwe ndi paipi, kumanzere chigwembe chakuya, pakati poponda phazi limodzi. Malowo ndi aatali ndithu, ndipo anthu ena a ku ofesi amawadutsa chokwawa. Chakumtunda kwake kuli chotsekera chotulutsira mpweya. A Mapaipi anagunditsa khutu, anamva paipi ikuguguda, n'kudziwa kuti mwadzaza mpweya. Anakoleka sipanala, n'kupotokola pang'ono monga mwa masiku onse.

Mpweya unatuluka, fuuu! Kenako kalabala kam'kati kanaphulika, madzi n'kuwamenya kumaso ngati mbama. Anagwa chagada. Anamva kanthu kakugunda pamwala, ngwe, kenako ngwe chapansipo, kenako zii.

Ntchito ndi ntchito: anayamba apapasa sipanala, n'kutseka madziwo. Atatero m'pamene anagwira kumaso. Panalibe kanthu.

Anagwada n'kuyamba kufufuza ndi manja m'matope, m'udzu, pansi pa paipi. Mumtima ankadziwa kuti akungodzivuta, makutu anali atawauza kale kumene magalasi apita. Ataweramuka, phiri lonse linali litasungunuka. Kobiriwira uku, kotuwa uko, osadziwika pothera nthaka ndi poyambira mlengalenga. Ndipo kotuwako kunkakula, chifukwa nkhungu inali itayamba kukwera kuchokera m'chigwembe. Zovala zinali zitanyowa chonyowa, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Iwo ankadziwa bwino zimene kuzizira kwa pamwamba pamenepo kumachita ndi munthu wonyowa akagonapo.

"Njira iyi ndaiyenda kambirimbiri," anadzilimbitsa mtima. "Mapazi akuidziwa."

Anagwira paipi ndi dzanja lamanja n'kuyamba kuyenda. Phazi loyamba, lachiwiri, lachisanu. Pa lachisanu ndi chimodzi jombo inaponda mwala, mwalawo n'kuchoka. Mwendo unalendewera m'malere. Anadziponyera papaipi n'kuikumbatira ndi manja onse awiri, akumvetsera mwala uja ukugubuduka, ukugubuduka, osafika. Apa mantha anawagwira zenizeni. Bambo wa imvi zake anakhala pansi, atakumbatira chitsulo chozizira.

Anatulutsa foni n'kuibweretsa pamphuno. Moto unali utatsala pang'ono, netiweki kadontho kamodzi. Anaimba ku ofesi. Inaitana mpaka kudula yokha, anthu ali kokadya. Ndipo ngakhale akanayankha, ndani akanakwera maola anayi m'nkhungu, n'kudutsa pamalo opanikizika paja kusanade? Panatsala nambala imodzi, ndipo imeneyo ndi imene ankaiopa kuposa chigwembe.

"Halo, Bambo? Mwatsika kale?" Kumbuyo kunkamveka makina akulira.

"Mayi, imitsani kaye makinawo."

Makina anaima.

"Magalasi agwera m'chigwembe. Ndili kumtunda kwa njira yopanikizika ija. Sindikuona kanthu."

"Mwavulala?"

"Ayi. Koma mverani, moto ukutha. Pali chimene ndiyenera kukuuzani. Akale aja sindinawatenge. Ali pamwamba pa mita ya magetsi. Sindiwatenga, Mayi. Zaka zitatu tsopano. Ndikhululukireni."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Inu, mita ndimawerenga ndine. Mukuganiza kuti sokosi yofiira pamwamba pa bokosi loyera sindingaione? M'kabokosi kamene mumabisa kaja muli zopanira zovala ziwiri. Khalani pansi bwinobwino, muvule chikwama. Mwavula?"

"Ndavula."

"Chotupa chija mumanditukwanira chija. Tengani kampeni, mudule ulusi. Dulani bwino, musang'ambe nsalu yanga."

A Mapaipi anafuna kuyankha, koma foni inali itazima.

Anaika chikwama pamiyendo, n'kuchibweretsa pafupi ndi nkhope. Apa ndiye maso awo aja anagwira ntchito. Anaona msoko waung'onoung'ono, wobwereza kawiri, ulusi wofanana ndendende ndi nsalu. Mayi ameneyu akasoka amasokeratu! Zala zinali zitauma ndi kuzizira, kampeni kakuterereka, iwo akudula n'kumang'ung'udza, "Telala wanji wosoka ngati akumanga mlatho?" Chigamba chitatseguka munatuluka kachitini kaphwatalala, kaja mwana wawo wamkazi ankasungiramo zida za masamu ali kusekondale. M'kati, atakulungidwa m'kansalu kofewa, munali magalasi a kadzidzi aja, waya wake wa kopa uli pomwepo. Kumiyendo yake kunali kutasokereredwa lasitiki ya pinki, ya m'chiuno mwa siketi, yoti izigwira kumbuyo kwa mutu.

Anawavala. Ha! Dziko linabwerera. Linabwerera lochepa pang'ono, lopindika m'mbali, pakuti magalasiwo anali a maso a unyamata, koma linabwerera. Anaona paipi, anaona sipanala ili m'matope, anaona udzu, tsamba lililonse palokha. Kenako anaona chidindo cha jombo yawo pamene mwala unachoka, ndi phompho limene linali kuseri kwake. Pakati pa ziwirizo sipakanakwana ngakhale chikhatho. Anaseka, kuseka kwake kosadziwika bwino, mpaka anachita kukweza magalasi kuti apukute m'maso. Mtima unakhala pansi, thupi lonse n'kupepuka ngati atula thumba la simenti.

Anadutsa pamalo opanikizika paja chokwawa, ndipo sanachite nazo manyazi. Nkhungu inawatsatira mpaka pakati pa phiri n'kuwasiya. Dzuwa likupendeka anali atafika mumsewu wa m'tauni, matope mpaka m'makutu, lasitiki ya pinki ili mbee m'imvi. Lole ya ofesi inawapeza pa mphambano. Dalaivala uja anatulutsa mutu pawindo, maso ali tong'o.

"Aaa! Kadzidzi wabweranso!"

A Mapaipi anaima, anakweza sipanala m'mwamba, n'kuyankha ndi mawu onse, "Huu, huu!" Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anagwa nacho chikhakhali. Iwo anapitirira, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa anthu amene sankawadziwa.

A Mapaipi anapeza akazi awo ataima pageti, tepi yoyezera ili m'khosi, nsapato atavala zosiyana. Mayiyo anali atapita kale ku ofesi wapansi, atasokosera mpaka bwana anatuma anyamata awiri kuti ayambe kukwera, ndipo anyamatawo anakumana ndi a Mapaipi m'munsi mwa phiri. Mayiyo anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Mapaipi anadikira mawu owakalipira, pakuti anali owayenera ndithu, ndipo anali okonzeka kuwalandira onse.

"Madzi osamba ali pamoto," anatero mayiyo. "Bweretsani chikwamacho."

A Mapaipi anayamba adzera kuseri kwa nyumba. Anatsitsa sokosi yofiira ija, kumasula mfundo, kutsegula kabokosi. Zopanira ziwiri zamtengo zinali gone m'menemo. Zaka zitatu bambo wamkulu akubisa zopanira zovala! Anapita nazo pakhonde n'kuziika pa makina.

"Katundu wanu uyu."

"Zikomo. Zinkandiperewera pachingwe."

Atasamba anakhala pampando wawo wa pakhonde, kapu ya tiyi m'manja. Akazi awo anali atayala chikwama pamiyendo, akuyang'ana pamene panadulidwa.

"Ndinati musang'ambe nsalu."

"Manja amanjenjemera, Mayi." Anamwa tiyi pang'ono. "Atsopano akabwera, awa muwabwezere momwemo."

"Ndiwasokere kunsi, kuti asamakubooleni msana?"

"Ayi. Pomwepo. Ndizimva kuti alipo."

Mayiyo anatenga singano yaikulu, ananyowetsa nsonga ya ulusi pamilomo, n'kuyesa kulowetsa. Unaphonya. Anayesanso, unaphonyanso. A Mapaipi anayang'ana ndipo anaona kuti manja amene anasoka msoko wolimba uja akunjenjemera kuposa mmene awo ananjenjemerera kuphiri. Apa m'pamene anazindikira kuti mawu odekha a pafoni aja anali ongowalimbitsa iwo mtima, ndi kuti mayiyu wakhala ndi mantha amenewa Lolemba ndi Lachinayi lililonse, iwo ali kalikiliki kubisa sokosi. Zinawapweteka kuposa kuzizira kuja.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anatero mayiyo chapansipansi, osadzutsa mutu. "Mukatuluka pageti paja, ine ndimayang'ana phiri mpaka mutabwera."

A Mapaipi anaika kapu pansi. Anakweza kadzidzi uja pachipumi, lasitiki ikukoka tsitsi, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kuno singanoyo, Mayi."