Manja a Wosula Mphezi

Mukadutsa mumsewu wa kuseri kwa depoti n'kuona nkhuku yojambulidwa pakhoma la lesitilanti, yonenepa kuposa nkhuku iliyonse imene inakhalapo ndi moyo, dziwani kuti ndi dzanja la a Bulashi limenelo. Mitu ya pa shopu ya ometa ndi yawonso, ndipo mukaiyang'anitsitsa mupeza kuti wonsewo ndi mutu umodzi, wangosiyana kametedwe. Dzina lawo lenileni linatsalira pachitupa. Anthu anawazolowera ndi bulashi kuseri kwa khutu, malaya a madontho a penti, ndi mawu awo aja akuti, "Chikwangwani sichifunsa, chimauza."

Ntchito ndiyo inawaphunzitsa zimenezo. Wa butchala amafuna ng'ombe, wa saluni amafuna mkazi, wa galaja amafuna mwamuna wogwira sipanala. Munthu wodutsa pa basi alibe nthawi yomasulira chithunzi.

Koma Mulungu naye ndi wanthabwala. Munthu wodana ndi mafunsoyu anapatsidwa mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene pakhomo anangomutcha Mafunso. Ali wamng'ono ankaopa mabingu, ndiye bambo ake anamuuza nthano imene iwonso anaimva ali mwana: kumwambako kuli wosula zitsulo, bingu ndi nyundo yake, mphezi ndi moto wothetheka pachipala chake. Mwanayo anasiya kulira, koma sanasiye kufunsa. Bwanji m'nthano zonse wopha chilombo amakhala mnyamata? Bwanji mtsikana amangokhala m'nyumba kudikira kuti amupereke ngati mphoto? Bwanji mkazi akangodziwa zinthu zambiri, nthano imamusandutsa mfiti? A Bulashi ankangoyankha kuti nthanozo sanapeke ndi iwo.

Mafunso anakula, anakapeza ntchito yogulitsa mankhwala m'tauni ina, ndipo kulankhulana kwake ndi bambo ake kunatsala kwa "mwadzuka bwanji" ndi "apatseni amayi foni." Sanayambane. Kungoti wina ankalemba za nyenyezi, wina ankajambula nkhuku.

Ndiye tsiku lina Mafunso anatulukira kushedi imene bambo ake amagwirira ntchito, ali ndi mpukutu wa mapepala. Anati walemba buku ndipo osindikiza alivomera. Linali la anthu amene dzuwa lawo likuzima, akuthawa m'chombo chachikulu ngati mzinda, ndipo chombocho chimayendera mphezi zimene amasula munthu mmodzi yekha, Wosula Mphezi.

"Bambo, chithunzi cha pachikuto mundijambulire ndinu," anatero.

"Nanga anyamata a makompyuta aja atha?"

"Alipo. Koma ine ndikufuna inu."

A Bulashi anayankha kuti aona, ngati kuti ndi nkhani yaing'ono. Mwana atapita anakhala pachitini cha penti atakumbatira mpukutu uja, chifukwa chikulireni anali asanawapemphepo kanthu ka m'manja mwawo.

Anawerenga buku lonse, chala pamzere, milomo ikugwedera. Atamaliza anatenga pulaiwudi yabwino imene ankaisungira ntchito ya anthu olemera, n'kujambulapo chimunthu cha ndevu zofika pachifuwa, mikono ngati mitengo ya magetsi. Anakondwa nacho mpaka anaitana akazi awo kuti adzaone.

Mayi ake Mafunso amasita zovala kuhotela, ndipo bukulo analiwerenganso, pa nthawi yopuma. Anaima pakhomo la shedi, chikwama chili kukhwapa.

"Ameneyu ndani, bambo ake mwana?"

"Mukufunsanso? Wosula Mphezi."

"Wosula Mphezi ndi mzimayi."

"Mzimayi wosula zitsulo munamuona kuti?"

"Nanga chombo chachikulu ngati mzinda munachiona kuti inu?"

Anayala mapepala onse patebulo la kunyumba n'kuyamba kusakasaka. Apa mpamene chilankhulo chathuchi chinawaonetsa mbonaona, pakuti sichiveka munthu buluku kapena diresi. "Anatenga nyundo." "Iye anaseka." "Mwana wake anamuitana." Tsamba ndi tsamba, Wosula Mphezi ankasula, ankakwiya, ankalira maliro a mnzake, koma palibe pamene anameta ndevu kapena kumanga duku.

"Onani apa," anatero mayiwo, "akuimbira moto nyimbo yogonetsera mwana. Mwamuna angatero?"

"Mukakhala kuntchito ankamuimbira ndani Mafunso? Pusi?" A Bulashi anatembenuza tsamba. "Nanga apa? Nyundo yake anthu awiri sangainyamule."

"Munayamba mwanyamulapo beseni la mabulangete onyowa inu?"

Pamapeto mayiwo anati angomuimbira foni mwini wake, nkhani ithe. Koma zimenezo a Bulashi sakanatha. Kufunsa kunali kuvomera kuti awerenga buku lonse la mwana wawo osamumva. Kungolota kunalinso koopsa: akalakwitsa, Mafunso sangakalipe, adzathokoza mwaulemu, adzanyamula chithunzicho, kenako bukulo lidzatuluka ndi chikuto cha pakompyuta, ndipo sadzawapemphanso kanthu. Ulemu umenewo ndi umene ankauopa.

Chindevu chija anachifafaniza ndi penti yoyera. Kwa masiku angapo pulaiwudi inangokhala mbee, mwini wake akuiyang'ana ngati yawalakwira. Wa butchala anabwera kudzafunsa za ng'ombe yake, anabwerera ndi mawu okhaokha.

Pafupi ndi shedi yawo pali wowotcherera zitsulo, mnansi wawo wa zaka zambiri, amene phokoso lake a Bulashi analitukwana mpaka kutopa. Masana ena akutsuka mabulashi m'parafini anamuona atawerama pa geti la munthu, chigoba chakuda cha owotcherera chili kumaso, moto ukuthetheka. Munthuyu ankamudziwa mpaka dzina la agogo ake, koma m'chigobamo akanatha kukhala wina aliyense. Ndipotu munthu wosula mphezi popanda chotchinga kumaso angatsale ndi maso? A Bulashi anapukuta manja n'kutenga pensulo.

Musawayese anzeru zakuya a Bulashi, iwo ankangothawa mlandu. Anajambula chigoba, mphezi ikuwala pagalasi lake, ndi chovala chachikopa chotalika mpaka kumapazi. Anatsala manja, ndipo manja ndi amene amayalutsa wojambula. Lamanzere silinavute: anatambasula lawo lomwe n'kumakopera, litagwira mphezi ngati mmene amagwirira makwerero. Lamanja likanatheka bwanji, pamene ndi lomwe linagwira bulashi? Lamulungu masana anapeza akazi awo akusita malaya, dzanja litafumbata simbi, mitsempha itaima. Kagwiridwe ka nyundo kanali komweko. Analijambula pakatoni ya sopo mwakachetechete, mwini dzanja akumvera wailesi.

Mafunso anabwera Loweruka, mayi ake ali pambuyo ngati mboni. A Bulashi anachotsa nsalu imene anaphimbira chithunzicho, n'kuyamba kusanja zitini zosanjidwa kale. Mwana anachiyang'anitsitsa. Anayandikira, anabwerera m'mbuyo, anayandikiranso.

"Penti yoyera ilipo yambiri," anatero bambowo osatembenuka. "Ngati nkhope ikufunika, ungonena ya mtundu wanji."

"Musakhudze, bambo."

A Bulashi anacheuka. Mwana anali akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kwinaku akuseka. Anafotokoza kuti mnyamata wa kosindikiza anali atayesa kale. Poyamba anajambula chimwamuna cha ndevu. Mayi ake Mafunso anatsokomola pamenepo, a Bulashi n'kuyang'ana kudenga. Mafunso atadandaula, mnyamatayo anajambula mtsikana wa m'chiuno mwa mavu, atavala tinsalu toti munthu sangayandikire nato ngakhale mbaula.

"Ndinalemba buku lonse ndikuzemba mawu amodzi okha," anatero Mafunso, "kuti mwana wowerenga adziikemo yekha. Ndinkaopa kuti chikuto chidzandiulula buku lisanatsegulidwe."

"Chabwino, koma ife ndife makolo ako," anatero mayi ake. "Tiuze ife tokha. Ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Amayi, inenso sanavulepo chigobacho pamaso panga."

A Bulashi anakhala pachitini chawo chija. Mpweya umene anausunga m'chifuwa chiyambire tsiku la ndevu lija unatuluka wonse. Anapepukidwa mpaka anamva njala.

Mafunso anali atawerama, akuyang'ana m'munsi mwa chithunzi. Analoza kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere, kopindika, kamene kanathyoka bambo ake atagwa pamakwerero iye ali kusukulu ya mkaka. Kenako analoza dzanja lamanja, pamene panali chipsera cha simbi pafupi ndi chala chachikulu. A Bulashi anali atachikopera osaganiza n'komwe, poti chinalipo.

Mayiwo anayang'ana chithunzi, anayang'ana dzanja lawo, n'kulibisa m'khwapa mwamanyazi. Koma manyazi awo sakhalitsa.

"Mwaona, bambo ake mwana? Logwira nyundo ndi langa."

"Logwira mphezi ndi langa," anatero a Bulashi.

Mafunso sanaweruze mlanduwo. Anatenga nsalu ija n'kukulunga chithunzicho mosamala, ngodya ndi ngodya, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Bambo, pulaiwudi yotereyi ilipo ina? Ndayamba lachiwiri."

Inalipo, koma inali ya ng'ombe ya wa butchala. A Bulashi anati ilipo.