Ndinawakhazika Pamodzi M'chigafa

Filimu yanga yoyamba imene anthu anaiombera m'manja inali ya fodya, ndipo ndi yomweyo imene sindifuna kuionera. Ndi yaifupi, munthu ukhoza kuimaliza tiyi asanazizire. Ndinaijambula kwathu kwa Kaomba, m'chigafa cha amayi anga, ndi kamera yobwereka kwa mnzanga wina wa ku Lilongwe.

Nthawi imeneyo ndinkadzitcha wopanga mafilimu, ngakhale chimene chinkandidyetsa chinali kujambula zinkhoswe ndi maukwati a eni ndalama. Zinkanditopetsa. Mkwatibwi aliyense ankafuna ndimuchepetse mimba ndi kumuyeretsa nkhope. Choncho nditamva kuti mumzindamo mukhala chionetsero cha mafilimu aafupi, ndinanyamula chikwama n'kukwera minibasi ya ku Kasungu, mtima uli m'mwamba.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Fodya wa pakhomo pathu ankalima amayi pamodzi ndi alamu anga, amuna a mkulu wanga, amene anabwera pachikamwini kuchokera kwa Chisemphere. Alamuwo anali munthu wa nthabwala, ndipo ine ndiye anandipeza podyera. Ndikangotsika njinga ya kabaza ankafuula ali kumunda, "Mkazi wanga wamng'ono wafika. Mwandigulira nsapato kodi, kapena mwabweranso chimanjamanja?" Ine ndinkawabwezera mpaka mkulu wanga kutikalipira tonse awiri.

Koma ndi amayi zinali zina. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pamodzi, sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mkamwini amapatukira kutchire, kunjuta, n'kupereka moni akuyang'ana kumbali. Achinyamata ambiri anazisiya izi, ena mpaka amakwera njinga imodzi ndi apongozi awo. Koma awiriwa anazigwiritsa. Amayi akafuna kunena kanthu kwa alamu ankatuma mdzukulu, ngakhale alamuwo ali kuseri kwa nkhokwe akumva zonse. M'mudzi monse, mkamwini akachita mwano, akuluakulu ankamuuza kuti akaonere kwa alamu anga. Munthuyo analibe munda wakewake pamudzipo, analibe ng'ombe. Chimene anali nacho chinali mbiri imeneyi, ndipo ankayenda nayo monyadira.

Ndinafika nyengo yosankha fodya. Alamu ankalawirira m'chigafa kutsitsa masamba akadali ofewa ndi chinyezi cha m'mawa, n'kukhala pamphasa kumawasankha, aatali paokha, ofiira paokha, ong'ambika paokha. Dzuwa likakwera, amayi ankatsokomola ali chapatali. Alamu akamva, ankadzuka n'kutulukira mbali ina, amayi n'kulowa kudzapitiriza. Palibe anawagawira nthawi imeneyi. Ine ndinajambula alamu paokha, amayi paokha, chifukwa panalibenso njira ina.

Alamu sanavute. Ine ndili kuseri kwa kamera ndinkawaputa, iwo n'kumandiyankha. Tsiku lina ananyamula tsamba lalikulu, kulitambasula, kundiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Taonani tsamba ili, kusalala ngati tsaya lanu." Kenako anaseka chikhakhali. Amayi ndiwo anandivuta. Akangoona kamera ankauma ngati akujambulitsa chithunzi cha chitupa. Kuti amasuke ndinawafunsa mmene bambo anawafunsirira. Anayamba akana, kenako anamwetulira, kuyang'ana pansi, n'kubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ndinali ndisanawaonepo akuchita manyazi a chitsikana chotero.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinakhala palaputopu kudula ndi kulumikiza zithunzizo. Filimuyo inali yakufa. Alamu akusankha fodya okha, amayi akusankha fodya okha, basi. Anzanga amene ndinawaonetsa ankayasamula mwaulemu. Ndiye tsiku lina ndinaona kuti alamu ndinawajambula atayang'ana kumanja, amayi atayang'ana kumanzere, kumbuyo kwawo kuli fodya yemweyo wolendewera. Ndinatenga alamu akunena za tsaya zija, ndinachotsa mawu anga, n'kutsatiza amayi akumwetulira ndi kubisa pakamwa. Pomwepo anthu awiri aja anakhala pamphasa imodzi, maso ndi maso. Filimu inadzuka. Ndinavina ndekha m'chipinda. Mwambo sindinauiwale ayi, ndinangoona ngati kwa Kaomba ndi kutali kwambiri.

Kuchionetsero kuja, muholo munali mozizira ndi makina, anthu atavala majekete masana. Munali azungu, ana a kuyunivesite, ndi ife opanga mafilimu amene tinkapatsana moni mokweza koma tikufunirana zoipa mumtima. Itafika mbali ija, holo yonse inaseka kuseka kwabwino, kokoma mtima. Itatha anandiitanira kutsogolo. Mayi wina wachizungu anafunsa m'Chingerezi kuti anthu awiri okondana chotero ndi ndani ndi ndani. Ndinayankha kuti ndi amayi anga ndi mkamwini wawo. Azungu anagwedeza mitu mosangalala. Koma chakumbuyo bambo wina wachikulire, Mmalawi, anakonza kukhosi mokweza, ndipo ine ndinayang'ana kwina. Okonza chionetserocho anandipatsa mphoto ya chosema chamtengo, ndipo filimuyo inaitanidwanso ku zionetsero za mayiko ena kumene mwini wakene sindinafikeko.

Mbiri inafika kumudzi. Amayi anauza amayi anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo wapambana, ndipo akulu a mpingo anatumiza uthenga woti ndibwere ndidzaonetse, anthu adzione okha. Ndinaganizapo zochotsa mbali ija. Ndinaichotsadi, kuonera, n'kuona filimu yanga itafanso. Ndiye ndinaibwezera. Ndinadziuza kuti masiku ano anthu amaonera mafilimu pafoni, akudziwa kuti zimenezi n'zopanga. Kunena zoona ndinkafuna kuti kwathu andiombere m'manja monga anachitira alendo.

Tinaonetsa Lamulungu mapemphero atatha, m'kalasi ya sukulu ya pafupi ndi tchalitchi. Mazenera tinatseka ndi ziguduli zomangira mabelo kuti mukhale mdima, jenereta ikulira panja. Abambo anakhala pamabenchi, amayi pansi mbali inayo. Amayi anga anawakhazika kutsogolo penipeni, atavala chitenje chatsopano. Alamu anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, monga mwa nthawi zonse pamene apongozi awo alipo. Poyamba zinayenda bwino. Anthu ankakuwa poona mbuzi zawo, wina anazindikira njinga yake itatsamira pamtengo, ana ankaloza agogo awo pakhoma.

Kenako nkhope ya alamu inadzaza khoma lonse. "Taonani tsamba ili, kusalala ngati tsaya lanu." Amayi anga, aakulu ngati chitseko pakhoma lomwelo, anamwetulira n'kubisa pakamwa.

M'kalasimo munangoti zii, kumangomveka jenereta. Mnyamata wina anaphulika kuseka, wina n'kumutsatira. Kumbali ya amayi kunamveka kung'ung'udza. Ndinaona amayi anga akukoka chitenje n'kufunda kumutu. Kumbuyo chitseko chinatseguka, kuwala kwa dzuwa kunagwera pakhoma n'kufafaniza chithunzi, kenako chinatsekekanso. Ine ndinali chiimire pambali pa pulojekita, ndikulephera ngakhale kutambasula dzanja kuti ndizimitse. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo. Filimu inapitirira mpaka kumapeto, ndipo dzina langa linakwera pakhoma m'zilembo zazikulu.

Mkulu wanga anandipeza ndikupinda mawaya. Sanakweze mawu.

"Iwe, tinakulakwira chiyani?"

"Asisi, sizinachitike choncho. Ndinangolumikiza."

"Ine ndikudziwa kuti sizinachitike. Ukawauze awo akuseka panjawo."

Masiku otsatira ndiwo anali oipa. Alamu akamadutsa pamagolosale, anyamata a pabawo ankanyamula tsamba lililonse limene alipeza n'kumauzana za kusalala kwa tsaya. Kumjigo amayi ena ankafunsa mkulu wanga moseka kuti pakhomopo mkazi weniweni ndi uti. Akamwini amene kale ankadzudzulidwa powayerekeza ndi alamu, tsopano anapeza pobwezera. Ankati, si uyo munkatiuza kuti tikaonereko, taonani zimene amachita m'chigafa. Alamu analeka kupita kutchalitchi. Ankadzuka, kulowa m'chigafa, kubwerako kutada.

Atsibweni anga, alongo awo a amayi, anaitanitsa akuluakulu a banja pansi pa mtengo wa mango. Ndinatsegula laputopu n'kuwaonetsa zithunzi zosadula. Anamva mawu anga ndikuputa alamu. Anamva ndikufunsa amayi za bambo. Atsibweni anaonera mwachifatse, chipewa chili pabondo.

"Ndiye kuti awiriwa sanakhale pamodzi?"

"Ayi, atsibweni."

"Nanga ife tinaona chiyani?"

"Ndinawaphatikiza ndine."

"Unadziwa kuti ndi munthu ndi apongozi ake?"

Ndinatseka laputopu, ndipo iwo funsolo sanalibwereze. Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kufotokozera mpingo wonse kuti zija zinali zopanga za mwana wawo wa m'tauni, mkamwini alibe mlandu. Ine anandiimiritsa pambali pawo ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe. Anthu anavomera ndi mitu. Koma potuluka ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti banja lililonse limadziwa kubisa zake, iye anaona ndi maso ake.

Ndisanabwerere ku Lilongwe ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza pajeke akudinda belo, atavula malaya. Ndinagwada chapatali n'kupepesa. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anapitiriza kupotokola chitsulo mpaka belo linalira, kenako anapukuta manja.

"Palibe kanthu, mayi. Ntchito yanu ndi imeneyo."

Chibwerereni pakhomo pathu anali asananditchulepo mayi. Ndinati ndichotsa mbali ija, sidzaonekanso kulikonse.

"Muchotse m'mitu mwa anthu?" anafunsa. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuponda minga kutchire kupatukira apongozi anga. Ndinkati ndikadzafa, anthu adzanene chimenecho."

Anatembenuka n'kuyamba kusoka chiguduli, ndipo ine ndinadzuka ndekha.

Fodya atagulitsidwa, alamu anatuma ankhoswe awo kudzapempha chitengwa, kuti atenge mkazi ndi ana apite nawo kwawo kwa Chisemphere. Atsibweni sakanakana. Ine kunalibe tsiku limene ngolo inabwera kudzanyamula katundu, ndinangomva pafoni. Amayi anatsala okha pakhomo pamene kale pankadzaza phokoso la adzukulu. Chaka chotsatira sanafese nazale ya fodya, anati alibe wowathandiza. Chigafa chinayamba kupendama, anthu n'kumasolola mitengo yake kukasonkhera moto.

Ndinatenga nthawi ndisanapiteko. Ndinkatumiza shuga ndi sopo kudzera kwa anthu, ndikunamizira kutanganidwa. Pamene ndinapita, amayi anandilandira bwinobwino, osatchula kanthu. Masana ena tinakhala pakhonde tikusenda mtedza, nkhuku zikutizungulira. Anayang'ana kunjira, uku ndi uku, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Chija uli nacho mufonimo?"

"Chiti, amayi?"

"Usandipusitse. Chija cha m'chigafa."

Ndinati ndinafufuta. Anandiyang'ana mpaka ndinatulutsa foni. Anapukuta manja pachitenje n'kuilandira ndi manja awiri. Nkhope ya alamu itaoneka anati ndiimitse pomwepo. Ndinaimitsa. Anaiyandikiza kumaso, kuitalikitsa, kuiyandikizanso. Anayang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti mwina tsopano andilalatira.

"Kani ali ndi chipsera pachipumi," anatero.

"Ee, anagwa pangolo ali mwana."

"Ine sindinkadziwa, ngakhale kusukulu kuja akamaoneka ndinkayang'ana pansi. Ndinkangodziwa mapazi awo ndi katsokomoledwe." Anakhudza galasi la foni ndi chala. "Mwana wachiwiri uja ndi iwowa ndithu, taona mphunoyi. Munthu wandilimira zaka zonsezi, wandifolerera nyumba, ndikudzamuona nkhope lero atapita."

Anayang'ananso kanthawi, kenako anandibwezera foni mofulumira n'kukokera lichero la mtedza pamiyendo.

"Zimitsa," anatero. "Angatipeze anthu."