Madzi Athu Ndi a Galimoto

Linali botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, lija amagulitsiramo jamu. Mkati mwake munkalendewera masipuni awiri a amayi, opindidwa ndi kumangidwa ku mawaya, ndipo pachivindikiro panatuluka kachubu kofiira. Amalume ankalisunga pawindo, ndipo ana tinkaletsedwa ngakhale kuliyandikira.

Chinali chaka cha chilala chachikulu, ine ndili kamtsikana ka ku pulayimale. Bambo anali atamwalira ndi chifuwa cha mumgodi, amalume atachotsedwa ntchito, nyumba ya kukomboni titalandidwa. Tinkakhala m'zipinda ziwiri za lendi ku Chipadze, m'tauni ya kudziko la olankhula Chishona. Amalume anatsala ndi galimoto yakale yobiriwira imene ankanyamulira anthu kupita kumidzi ya ku Musana, koma petulo atakwera mtengo inangokhala pabwalo, nkhuku n'kumausa pansi pake.

Kumgodi amalume ankagwira m'chipinda chotchajira nyali za anthu olowa pansi. Ankati batire ikamatchajidwa madzi ake amachita thovu, ndipo mpweya wa thovulo ukakumana ndi moto umalira phu. Ndiye ankafunsa aliyense kuti ngati m'madzi muli moto, n'chifukwa chiyani galimoto singamwe madzi. Botolo lija linali loti lizitulutsa mpweyawo kupita ku injini m'malo mwa petulo. Anthu ankangoseka. Amene sanaseke anali aphunzitsi a kalasi yathu.

Aphunzitsi ankakhala mumzere womwewo wa nyumba. Loweruka masana ankabwera, n'kukhala pachidebe chovundikira kuseri kwa galimoto, n'kumajambula pansi ndi kamtengo. Ndi iwo anapatsa amalume liwu loti hayidirojeni, ndipo amalume ankalitchula mwaulemu ngati dzina la apongozi. Kuseri kumeneko aphunzitsi ankalankhula Chichewa chenicheni, cha miyambi yomwe, pakuti anakulira m'komboni ya ku Jumbo Mine, kumene amayi awo ankagulitsa mandasi limodzi ndi amayi anga. Koma kusukulu sitinamvepo liwu la Chichewa pakamwa pawo. Ana ena akamatinena kuti mabwidi, dzina lonyozera ife a makolo ochokera ku Malawi, iwo ankapeza chofufuta pabolodi.

Injini itakana kulira, aphunzitsi anati vuto ndi loti mpweya ukuthawa. Anauza amalume kuti awonjezere soda wopangira sopo, alumikize mabatire awiri, ndipo amate chivindikiro ndi phula. Amalume anakayika. Ndimakumbukirabe yankho la aphunzitsi: "Musaope, akulu, ine ndinawerenga."

Tsiku loyesa kunabwera anthu a mzere wonse. Mnyamata wina woyendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu, anakhala kuchiwongolero, amalume atawerama pa injini kuyang'ana thovu. Kiyi asanapotokoledwe, ndinaona aphunzitsi akubwerera chafutambuyo mpaka kumpanda, dzanja litatchinga nkhope. Kwa zaka zambiri ndayesa kupeza tanthauzo lina la mapazi amenewo, koma sindinalipeze. Munthu amene sakudziwa kuti chinthu chingaphulike sathawa chisanaphulike.

Kenako makutu anga anatseka. Ndinamva fungo la sopo ndi mphira wakupsa, ndipo sipuni imodzi inagwera padenga la malata n'kumalira yokha. Amalume anagwada m'fumbi, manja kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala, osabuula n'komwe. Anabwerako kuchipatala alibe diso lamanzere, tsaya litatsala ndi mawanga oyera a soda. Anamanga kansalu kakuda pamalopo n'kudzitsekera m'chipinda.

Aphunzitsi sanapite kuchipatala, sanapondenso pakhomo pathu. Zimenezo mwina tikanazimeza. Koma m'mawa wina, pa phunziro la sayansi, anafotokozera kalasi za bambo wina amene ankaganiza kuti galimoto ndi ng'ombe yokamwetsa kumtsinje. Anayerekezera mmene amalume ankalankhulira Chishona chopotoka, natseka diso limodzi ndi chofufutira. Kalasi inagwa ndi phwete. Ine ndinaluma pensulo mpaka inasweka, makala ake n'kumanyung'unya pa lilime.

Nditawauza amayi, anapitiriza kuchapa ngati sanamve. Atamaliza kufinya chovala chomaliza anayang'ana kumwamba kopanda mtambo, n'kunena kuti dzuwa limeneli silinapite kusukulu, silidziwa amene anawerenga. Lamlungu lotsatira, ena akupempherera mvula, ine ndinapempha kuti aphunzitsi achite khungu maso onse awiri. Mpaka lero sindinalapepo pemphero limenelo.

Posakhalitsa mipope ya ku Chipadze inayamba kungotulutsa mphepo. Galimoto ya madzi inkabwera ikafuna, anthu n'kumamenyana ndi zidebe. Koma amayi anali ndi dimba m'mphepete mwa dambo, ndipo m'dimbamo munali chitsime chimene bambo anakumba ndi manja a munthu wa mumgodi, chakuya, chozizira, chonunkhira dothi. Mzere wathu wonse unkatunga pamenepo ndipo amayi sankabweza munthu.

M'mawa wina kunatulukira akazi a aphunzitsi, khanda kumsana, chidebe m'manja. Amayi anaponda thabwa lotchingira chitsime.

"Madzi athu ndi a galimoto, mayi," anatero mwachifatse. "Anthu owerenga sangamwe."

Mayi uja anatembenuka, chidebe chopanda kanthu chikumugunda m'mwendo njira yonse. Mumtima mwanga munatsekemera ngati nzimbe. Masabata otsatira ndinkakhala kutsogolo m'kalasi dala, kuti ndizionerera kolala ya aphunzitsi ikuda ndi milomo yawo ikung'ambika. Titamva kuti khanda lawo latsegula m'mimba chifukwa cha madzi a m'khwawa, ndinakawauza amayi ndikuthamanga ngati wanyamula uthenga wabwino. Khandalo silinalakwire munthu, ndikudziwa tsopano. Nthawi imeneyo sindinkaliona ngati khanda, ndinkaliona ngati malo amene aphunzitsi angamve kuwawa.

Tsiku lotsatira amalume anatuluka m'chipinda koyamba. Anakweza zigubu ziwiri pa wilibala n'kulunjika kudimba. Amayi atazindikira kumene madziwo akupita, anaima kutsogolo kwa wilibala n'kufunsa ngati achimwene awo apenga.

"Chitsime n'chako, mlongo," anatero amalume, "koma diso linali langa."

Amayi anapatuka.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse amalume ankakankha madzi kupita kwa aphunzitsi. Ine ndinawakwiyira kuposa mmene ndinakwiyira aphunzitsi. Ndinasiya kuwapatsa moni, ndinasiya kuwatengera madzi osamba m'manja. Ndinkati ndi munthu wamantha, wongodziwa kukhululuka ngati galu wothiridwa madzi otentha amene amabwererabe pakhomo. Ndinkawatsatira chapatali, yunifolomu ili m'thupi, kuti ndidzipweteke bwino ndi kuona.

Zimene ndinkaona ndi izi. Akafika pachipata ankaimika wilibala, n'kumasula kansalu kakuda kaja, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba. Akatuluka mayi uja, amalume ankamupatsa moni mwaulemu koma madzi osamupatsa. Ankadikira mpaka aphunzitsi atuluke okha. Kenako ankawadzutsa m'Chichewa, mokweza, mzere wonse ukumva, ana asukulu ataima m'njira: mwadzuka bwanji aphunzitsi, nanga mwana wagona bwanji, nanga amayi ku Jumbo ali bwanji. Sankasuntha mpaka aphunzitsi ayankhe funso lililonse m'Chichewa chomwecho. Ndipo popereka chigubu sankasiya chogwirira msanga. Ankachigwirabe, aphunzitsi akukoka, mpaka aphunzitsiwo adzutse nkhope n'kuyang'ana pamene panali diso.

Khanda linachira. Aphunzitsi ndi amene anayamba kuwonda, ngakhale tsopano ankamwa madzi abwino. M'kalasi ankaiwala zimene amalemba, choko chili m'mwamba. Tsiku lina anauza amalume kuti asavutikenso, apeza kwina kotunga, koma m'mawa mwake wilibala inalira pachipata pa nthawi yake. Sukulu zitatsekera, mvula isanagwe, anakweza katundu wawo pa lole, ndipo tinamva kuti anapempha okha kuti awasamutsire kutali.

Amalume atamva, anakhala pakhonde tsiku lonse, ngati munthu amene wachotsedwanso ntchito. Ine ndinkati akulira mnzawo, ndipo ndinawanyoza kwambiri mumtima. Kansalu kaja nako, ndinkangoganiza kuti ankakachotsa chifukwa thukuta la wilibala linkawayabwa pabala.