Chipewa cha Alamu

Mundikhululukire polimba mtima kulemba, ine amene sukulu ndinalekezera Fomu 2 konkuno ku Jenala. Ndikungofuna kufotokoza mmene dzino langa lakutsogolo linachokera, poti anthu amaikamba mosiyanasiyana nkhaniyi.

Pasukulu ya pulayimale ya kwathu panabwera aphunzitsi ochokera kumpoto. Loweruka masana ankaika laputopu pampando pakhonde n'kutionetsa makanema akalekale a ku Mangalande, a zithunzi zakuda ndi zoyera. Chingerezi chake sitinkachimva, mawu ankatuluka ngati a wailesi yotha mabatire, koma tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wasenza thabwa paphewa, wina wamuitana, iye n'kutembenuka, thabwa lija phaa! m'mutu mwa wapolisi. Wapolisi agwa, adzuka, atola chipewa, achikuntha fumbi, n'kumapita. Osatuluka magazi, osatupa diso. Ndinkawakondera chimenecho makanemawo, kuti kumeneko munthu akamenyedwa ankadzuka bwinobwino.

Kwathu sizinali choncho. Alamu anga, amuna a achemwali, anali mkamwini pakhomo pathu, ndipo ankawamenya achemwali pafupipafupi. Kukacha achemwali ankati, "Ndagwa panjinga," ife n'kuvomera. Koma Loweruka lina ndinawaona alamu pakhonde paja akuseka za thabwa lija mpaka misozi. Ndinali ndisanawaonepo mano awo. Ndinazisunga mumtima.

Lachinayi lotsatira tinali m'chigafa, atatu, tikusoka fodya. Alamu anatola tsamba long'ambika.

"Wang'amba ndani ili?"

"Linabwera choncho kumunda, bambo," anatero achemwali.

Alamu anawagwira padzanja n'kuyamba kupotokola. Ndinaganiza kuti pachilamu anthu amaseleulana, palibe mlandu, ndipo ndikawaseketsa awasiya. Ndinasenza nsungwi yoyanikira fodya paphewa, n'kuwafulatira.

"Alamu, moni wa ku Mangalande uwu!"

Ndinatembenuka. Ndinkafuna kugwetsa chipewa chawo chokha, koma nsungwi inakafika pakhutu. Chipewa chinagwa. Palibe anaseka.

Ndinachitola msangamsanga, n'kuchikuntha fumbi ngati wapolisi uja, n'kuchipereka ndi manja awiri. Chibakera chinandipeza ndikadali chiweramire. Ndinamva kanthu kakuyendayenda m'kamwa ngati njere ya chimanga. Ndinagwera pamulu wa fodya, iwo n'kumandiponda m'nthiti ndi jombo. "Ndine mnzako ine? Ndine mnzako?" Magazi ankadontha pamasamba, ine n'kumada nkhawa kuti ndikuwononga fodya. Ndinkangoti, "Pepani alamu, zinali zocheza."

Achemwali, amene ankamenyedwa mwakachetechete zaka zonsezi, tsiku limenelo anakuwa mpaka anthu anathamanga kuchokera m'minda.

"Ine ndinazolowera, koma mwana wa mayi anga ayi! Muphe ine!"

Anthu anawagwira alamu, ine n'kundikweza kabaza wa kuchipatala ku boma. Dzino linatsala m'chigafa.

Nditabwerako, ankhoswe a mbali zonse anakumana kwa amalume, alongo awo a mayi. Alamu anaonetsa khutu lotupa.

"Anayamba ndi iyeyu. Mufunseni."

Ndinavomera, maso ali pansi. Ndinkaopa kuti ndawonjezera mavuto, kuti tikabwerera kunyumba achemwali alipira zonsezi ndi thupi lawo. Amalume anatembenukira kwa alamu.

"Uyu wakumenyani kamodzi, tamva. Tsopano tionetseni njinga imene imagwetsa mwana wathu mlungu uliwonse. Ine pakhomo paja sindinaonepo njinga."

Achemwali anapinda manja a bulauzi mpaka m'mapewa, n'kuonetsa zipsera. Mmodzi wa ankhoswe a alamu anayang'ana kumbali. Amalume anawafunsa achemwali ngati akuwafunabe amuna awo pakhomo, iwo anati ayi.

Makanema aja ndimawaonerabe, ndipo ndikamaseka ndimaphimba pakamwa. Alamu anakulunga bulangeti lawo, anavala chipewa chija, n'kubwerera kwawo anthu akutuluka m'tchalitchi, pa Lamulungu la Kanjedza chaka chathachi.